Chiwindi, Ndulu ndi Mayi Woyembekezera

Mayi aliyense amene anatumbulapo nkhuku adziwa kathumba kobiriwira kamene kamamatirira kunsi kwa chiwindi. Amakadula mosamala ndi nsonga ya mpeni nakataya kutali, pakuti kakangophulika ndiwo yonse imawawa, ndipo ngakhale atatsuka kangati kuwawako sikuchoka. Kathumbako ndi ka ndulu. Chifukwa cha kuwawa kwake anthu ambiri amayesa kuti ndulu ndi nyansi chabe za m'thupi, zopanda ntchito. Sizili choncho ayi. Munthu sangagaye bwino nsinjiro kapena mafuta a nyama popanda ndulu. Koma ndulu yomweyo ikasiya njira yake nilowa m'magazi imadzetsa tsoka, makamaka kwa mayi wapakati ndi kwa mwana amene ali m'mimba mwake. Phunziro lino lilikunena za chimenechi. Akatekisiti ndi akuluakulu a amayi, amene amamva madandaulo a m'mabanja dotolo asanawamve, achita bwino kuliwerenga mpaka kumapeto.

Ntchito za chiwindi

Chiwindi cha munthu wamkulu chimalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka, ndipo chimakhala kudzanja lamanja, kunsi kwa nthiti. Magazi amalowamo ndi mitsempha iwiri, wina wochokera kumtima, wina wochokera kumatumbo. Wachiwiriwu ndiwo wofunika kuumvetsa. Zambiri zimene munthu wameza, kaya nsima, kaya mowa, kaya mankhwala a kuchipatala kapena a zitsamba, zikasungunuka m'matumbo ndi kulowa m'magazi, zimayamba zafika kuchiwindi zisanapite kwina kulikonse. Pamenepo chiwindi chimasankha: zina chisunga, zina chisandutsa, zina chiphwanya kuti zitayidwe.

Pa kusunga, chiwindi chili ngati nkhokwe. Munthu akakhuta nsima shuga amachuluka m'magazi, ndipo chiwindi chimatengako wina nichimuumba kukhala chinthu chokhalitsa chotchedwa glycogen. Usiku, kapena munthu akachedwa kumunda osadya, chimamasula shuga uja pang'onopang'ono kuti ubongo usasowe chakudya. Amene anatulukira nkhokwe imeneyi ndi Claude Bernard wa ku France, m'chaka cha 1857. Chiwindi chimasunganso ayironi ndi mavitamini ena. Ndicho chimapanga albumin, chinthu chogwira madzi kuti asatuluke m'mitsempha, ndiponso zinthu zoumitsa magazi pabala. Zotsalira za nyama ndi nyemba, zimene zikadaunjikana zikadamuledzeretsa munthu mpaka kukomoka, chimazisandutsa kuti impso zizitaye ndi mkodzo.

Pali ntchito inanso imene iyenera kutchulidwa. Maselo ofiira a m'magazi amakhala masiku ngati 120, kenaka amakalamba naphwanyidwa. Pophwanyika amasiya utoto wachikasu wotchedwa bilirubin, ndipo chiwindi chimautola nichiuthira m'ndulu kuti utuluke ndi chimbudzi. Utoto umenewu ndiwo umapatsa chimbudzi maonekedwe ake a masiku onse. Njira yake ikatsekeka umabwerera m'magazi: maso amachita chikasu, mkodzo umada ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo chimbudzi chimatuwa.

Ulendo wa ndulu

Kathumba kaja sikapanga ndulu, kamangosunga. Wopanga ndiye chiwindi, chimene pa tsiku limodzi chimatulutsa ndulu yokwana theka la lita kapena kupitirirapo. Nduluyo imayenda m'timipita tosaoneka ndi maso, timene timakumana ngati timifuleni mpaka kukhala mpita umodzi wopita kumatumbo. Pamene munthu sanadye, ndulu yambiri imapatukira m'kathumba, mmene imachotsedwa madzi nikhala yokhathamira. Chakudya cha mafuta chikangofika m'matumbo, kathumbako kamadzifinya nikaikhuthula.

M'ndulu muli madzi, utoto uja, ndi zinthu zimene akatswiri amazitcha maasidi a m'ndulu. Maasidi amenewa chiwindi chimawapanga kuchokera ku cholesterol, mtundu wa mafuta umene uli m'thupi la munthu aliyense. Ntchito yawo aidziwa bwino amene anatsukapo mphika wophikira nyama ya nkhumba. Madzi okha amangoterera pamwamba pa mafuta. Koma akathirapo sopo kapena phulusa, mafutawo amagawanika nasakanizika ndi madzi. Maasidi a m'ndulu amachita chomwecho m'matumbo: amaphwanya mafuta kukhala timadontho tating'ono kwambiri, timene thupi lingathe kugaya ndi kuyamwa. Pamodzi ndi mafutawo mumalowanso mavitamini anayi amene sasungunuka m'madzi, ndiwo A, D, E ndi K.

Vitamini K ayenera kukumbukiridwa, pakuti adzatchulidwanso. Henrik Dam wa ku Denmark, kuyambira chaka cha 1929, anali kudyetsa anapiye chakudya chochotsedwa mafuta onse, ndipo anaona kuti anapiyewo alikukha magazi pansi pa khungu, magaziwo osauma. Atafufuza anapeza kuti chosowa ndi vitamini amene chiwindi chimamfuna popanga zoumitsa magazi, namutcha K m'chaka cha 1935. Tsono munthu amene ndulu yake siifika bwino m'matumbo angathe kusowa vitamini ameneyu ngakhale alikudya masamba tsiku ndi tsiku.

Chodabwitsa ndi chakuti thupi silitaya maasidi ake akatha ntchito. Kumapeto kwa matumbo aang'ono kuli malo amene amawatola, pafupifupi magawo 95 mwa 100, nawabwezera kuchiwindi ndi mtsempha uja wochokera kumatumbo; chiwindi chimawalanda m'magazi nichiwathiranso m'ndulu. Maasidi onse a m'thupi la munthu ndi magalamu ngati 3 okha, osadzaza ngakhale kasupuni ka tiyi, koma amazungulira ulendo umenewu kangapo pa tsiku, ndipo chiwindi chimangopanga atsopano okwanira kulowa m'malo mwa ochepa amene atayika ndi chimbudzi. Kapangidwe ka maasidiwa kanavutitsa akatswiri zaka zambiri, kotero kuti Heinrich Wieland wa ku Germany analandira mphotho ya Nobel ya chaka cha 1927 chifukwa cha kuwafufuza.

Apa pali mfundo imene phunziro lonse latsamirapo. Malo a maasidi a m'ndulu ndi m'chiwindi, m'kathumba ndi m'matumbo. M'magazi oyenda m'thupi lonse amayenera kupezeka ochepa kwambiri, pakuti chinthu chimene chimasungunula mafuta chingathenso kuwononga maselo a thupi, amene khungu lawo ndi lamafuta. Pa khoma la timipita tija pali tizipata timene timakankhira maasidi kunja kwa maselo a chiwindi. Tizipatato tikafooka, maasidi amaunjikana m'chiwindi nasefukira m'magazi.

Chiwindi cha mayi wapakati

Mayi akaima, ntchito ya chiwindi chake imakula, chifukwa chilikusamala anthu awiri. Madzi a m'magazi amachuluka ndi pafupifupi theka la muyeso wake wakale. Chifukwa chake albumin amaoneka wochepa poyeza, monga mchere umazirala mumphika akaonjezamo madzi, si matenda. Chinthu china chimene madotolo amayeza pofufuza chiwindi, chotchedwa alkaline phosphatase, chimakwera kawiri kapena kupitirira m'miyezi yomaliza, pakuti nsengwa nayonso imachipanga. Chimenechinso si matenda. Amayi ena zikhatho zimafiira, ena amatuluka timitsempha tofiira ngati kangaude pachifuwa, zimene kwa munthu wina zikadasonyeza chiwindi chodwala, koma kwa wapakati zimatha zokha akachira. Kotero zoyeza za mayi wapakati siziwerengedwa monga za munthu wina aliyense.

Kagwiritsidwe ka chakudya kamasinthanso. M'miyezi yoyamba thupi la mayi limakundika mafuta. M'miyezi yomaliza limayamba kusamvera bwino insulin, amene amalowetsa shuga m'maselo, kuti shuga akhalitse m'magazi napite kwa mwana. Mayiyo amadalira kwambiri mafuta amene anasunga. Pa nthawiyo mafuta a m'magazi amachuluka kawiri kapena katatu, ndipo cholesterol amakweranso. Ndicho chifukwa chake mayi wa miyezi isanu ndi itatu akagona ndi njala amafooka msanga kuposa mwamuna wake, ndiponso amayi ena amapezeka ndi shuga wochuluka pa nthawi ya pakati yokha.

Zonsezi amaziyendetsa ndi mahomoni awiri, oestrogen ndi progesterone, amene nsengwa imawapanga ochuluka koposa m'miyezi itatu yomaliza. Progesterone amafewetsa minofu kuti chiberekero chisatulutse mwana nthawi isanakwane. Koma amafewetsanso kathumba ka ndulu, kotero kuti sikadzifinya kwathunthu. Ndulu yogonera imachita matope, ndipo matopewo nthawi zina amaumbika kukhala timiyala. Amayi amene abereka kambiri amapezeka ndi miyala ya m'ndulu kawirikawiri kuposa ena. Mahomoni omwewo, ndi zotsalira zawo, amachedwetsanso tizipata tija. Kwa amayi ambiri kuchedwako ndi kwakung'ono, ndipo sazindikira kanthu. Kwa ena, amene anabadwa ndi tizipata tofooka kale, ndulu imaima.

Kuyabwa kopanda zidzolo

Matenda amenewa madotolo amawatcha intrahepatic cholestasis of pregnancy, ndiye kuti kuima kwa ndulu m'kati mwa chiwindi pa nthawi ya pakati. Chizindikiro chake chachikulu si kupweteka, si kutentha thupi, ndipo kawirikawiri si chikasu. Ndi kuyabwa.

Kuyabwako kuli ndi makhalidwe ake. Kumayamba kawirikawiri m'miyezi itatu yomaliza. Kumagwira zikhatho ndi kunsi kwa mapazi, ngakhale kungathe kufalikira m'mikono, m'miyendo ndi thupi lonse. Kumakula usiku, kotero kuti mayi amakanda mpaka mbandakucha, ena kukhuza mapazi pakhoma kapena kuwaviika m'madzi ozizira. Ndipo pakhungu sipaoneka kanthu: palibe nsungu, palibe zidzolo, koma mikwingwirima yokha ya zikhadabo zake. Owerengeka amaona mkodzo wakuda, chimbudzi chotuwa chamafuta, kapena maso achikasu patapita masabata.

Apa mpamene mabanja ambiri amalakwa, ndipo kulakwa kwake nkomveka. Amayi apakati ambiri amayabwa pamimba chifukwa khungu lilikukokeka, ndipo kumeneko kulibe choopsa. Kuyabwa kwa usiku aliyense amayamba waganiza za nsikidzi, utitiri kapena mphere; amatulutsa mphasa padzuwa, nasintha sopo. Achikulire amakumbukira kuyabwa kwa chloroquine, amene Malawi inaleka kuchiritsira malungo m'chaka cha 1993, ndipo amati kuyabwa sikunaphepo munthu. Apongozi amati zidzatha akachira, ndipo pamenepo akunena zoona, pakuti zimathadi. Koma pali njira yosiyanitsira. Mphere imagwira ndi ena a m'nyumbamo, ndipo imasiya tizilonda pakati pa zala. Nsikidzi imasiya totupa. Kuyabwa kwa ndulu kumagwira mayi yekha, khungu lili losalala.

Matendawa si achilendo. Friedrich Ahlfeld, dotolo wa azimayi wa ku Germany, analemba m'chaka cha 1883 za chikasu chimene chimadza ndi pakati, nichitha mwana akabadwa, nichibweranso pa pakati pena. M'chaka cha 1954 Alvar Svanborg wa ku Sweden anawalongosola bwino, pamodzi ndi kuyabwa kwake. Kuchuluka kwake kumasiyana ndi mitundu ya anthu. Ku Britain amagwira amayi ngati 7 mwa 1,000, ndipo pakati pa amayi ochokera ku India ndi Pakistan amachuluka pafupifupi kawiri. Ku Chile, Humberto Reyes ndi anzake anapeza m'chaka cha 1978 kuti pakati pa amayi a mtundu wa Araucano oposa mmodzi mwa anayi anali nawo. Chiwerengerocho chinatsika kwambiri m'zaka zotsatira. Ku Chile ndi ku maiko a Scandinavia anaonanso kuti amachuluka nyengo ya chisanu. Zonsezi zisonyeza kuti magwero ake ndi atatu olukana: chibadwa, mahomoni, ndi zina za kumalo kumene munthu akhala. Mayi amene mayi wake kapena mbale wake anayabwapo chotere, amene ali ndi mapasa, amene ali ndi matenda a chiwindi otchedwa hepatitis C, kapena amene zinamchitikira pa pakati pena, ndiye ayenera kuchenjera koposa.

Chimene chimaopsa mwana

Kwa mayi, matendawa ndi ozunza koma kawirikawiri sapha. Amene ali pangozi ndi mwana.

Mwana wa m'mimba amayamba kupanga maasidi a m'ndulu akeake pofika masabata ngati 12, koma alibe kotayira. Amawapereka kwa mayi wake kudzera mu nsengwa, ndipo chiwindi cha mayi chimawachotsa. Izi zimatheka chifukwa m'magazi a mayi maasidi ndi ochepa, monga madzi amatsikira kuchigwa. Koma akachuluka mwa mayi, chigwa chija chimasanduka mtunda: a mwana amalephera kutuluka, ndipo a mayi amawolokera kwa mwana. Maasidi ochuluka amautsa matumbo a mwana, kotero kuti amachita chimbudzi chake choyamba akali m'mimba, madzi nabiriwira. Amachititsa chiberekero kumva msanga zoyambitsa matenda, mwana nabadwa masiku asanakwane, nthawi zina wovutika kupuma. Akatswiri apezanso kuti angathe kufinya mitsempha ya pa nsengwa ndi kusokoneza kagundidwe ka maselo a mtima, ndipo akhulupirira kuti ndicho chifukwa chake ana ena amafera m'mimba mwadzidzidzi. Mwana wotere sakhala wowonda kapena wofooka kale. Dzulo anali kusewera bwino, mtima wake unamveka bwino kusikelo, lero wangoti zii.

Kwa zaka zambiri madotolo sanadziwe kuti ndi ana ati amene ali pangozi yeniyeni. Yankho lomveka linadza m'chaka cha 2019, pamene Caroline Ovadia, Catherine Williamson ndi anzawo a ku King's College London anasonkhanitsa mbiri za amayi oposa 5,000 odwala matendawa m'maiko osiyanasiyana, nazisindikiza m'magazini ya The Lancet. Maasidi a m'magazi amayezedwa ndi muyeso wotchedwa micromol pa lita imodzi. Mwa amayi a mwana mmodzi amene muyeso wawo sunafike 40, mwana wofera m'mimba anali ngati 1 mwa 1,000. Kuyambira 40 mpaka 99, ngati 3 mwa 1,000. Koma kuyambira 100 kupita m'mwamba, ngati 34 mwa 1,000. Chiwerengerochi chitonthoza ndiponso chichenjeza. Amayi ambiri oyabwa ali m'magulu awiri oyambawo, ndipo ana awo sali pangozi yoposa ya ana ena. Koma palibe angadziwe gulu la mayi poyang'ana mmene akukandira, pakuti kukula kwa kuyabwa sikutsata kuchuluka kwa maasidi. Wina amayabwa pang'ono muyeso uli pamwamba. Wina sagona konse muyeso uli pansi. Chodziwitsa ndi magazi okha.

Zoyenera kuchita

Mayi woyabwa chotere asadikire tsiku lake la sikelo. Apite m'mawa mwake, ndipo anene momveka, pakuti pamzere wautali mawu akuti "thupi likundiyabwa" amangopita ndi mphepo. Anene kuti: "Anamwino, zikhatho ndi mapazi zikundiyabwa usiku, koma zidzolo palibe, ndapota nanu, mundiyeze magazi a chiwindi." Atchulenso mankhwala onse amene alikumwa, a kuchipatala ndi a kumudzi omwe, pakuti ena mwa mankhwala a chifuwa chachikulu ndi a HIV amalemetsa chiwindi, koma asawaleke yekha dotolo asananene. Mwamuna wake ampeleke. Mwamuna ndiye amaona mkazi wake alikukanda usiku, ndipo ndiye kawirikawiri amasunga ndalama ya ulendo. Akanena kuti tidikire mwezi uthe, wanena m'malo mwa mwana amene sangadzinenere.

Kuchipatala amayeza maasidi a m'ndulu, ndiponso zinthu zina monga ALT zimene zimakwera maselo a chiwindi akavulala. Kumene kulibe zoyezera maasidi, dotolo amadalira zizindikiro ndi zoyeza zinazo, kapena amatumiza mayi kuchipatala chachikulu. Chofunika kudziwa ndi ichi: kuyabwa kumayamba nthawi zina masabata angapo magazi asanasonyeze kanthu. Kotero mayi amene auzidwa kuti magazi ali bwino, koma kuyabwa kulikupitirira, abwerere akayezedwenso. Kutero si kuvutitsa anamwino.

Mankhwala enieni ochotsa ngozi kwa mwana ndi kubadwa pa nthawi yoyenera. Bungwe la madotolo a uchembere la ku Britain, Royal College of Obstetricians and Gynaecologists, m'malangizo ake a 2022 limati matendawa aganiziridwe muyeso ukafika 19. Limati mayi wa muyeso wa 100 kapena kuposa aganiziridwe zomchiritsa pa masabata 35 mpaka 36, wa 40 mpaka 99 pa masabata 38 mpaka 39, ndipo wa pansi pa 40, ngati palibe vuto lina, angathe kufika masabata 40. Maiko ena amasiyanako pang'ono pa masabatawo, chifukwa dotolo alikuyeza zinthu ziwiri zolemera: kumchotsa mwana msanga kuli ndi mavuto ake a kupuma ndi kuyamwa, kumsiya kuli ndi ngozi yake. Chiweruzo chimenechi ndi cha dotolo pamodzi ndi makolo a mwanayo. Kumwa zitsamba zofulumizitsa matenda kunyumba ndi kuonjezera katundu pa chiwindi chotopa kale, ndiponso kungang'ambe chiberekero. Mayi wokhala kutali achita bwino kukakhala kuchidikiro, ndipo mwana akachepetsa kusewera apite nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.

Pali mankhwala otchedwa ursodeoxycholic acid, amene ndi asidi wa m'ndulu wofatsa. Dzina lake lichokera ku chimbalangondo, pakuti anayamba kupezeka m'ndulu ya nyama imeneyo, ngakhale lero amapangidwa m'fakitale. Kwa zaka zambiri anali kupatsidwa kwa pafupifupi mayi aliyense wodwala matendawa. Koma m'chaka cha 2019 Lucy Chappell ndi anzake anayesa amayi 605 ku England ndi Wales, theka kuwapatsa mankhwalawa, theka mapiritsi opanda kanthu, ndipo anapeza kuti ana a magulu onse awiri anabadwa ndi mavuto ofanana; kuyabwa kokha ndiko kunachepako pang'ono. Madotolo ena amawaperekabe, makamaka kwa amene muyeso wawo ndi wokwera, ndipo amayi ena amapezako bwino. Koma mayi asayese kuti popeza alikumwa mapiritsi, kuyezetsa kwatha. Zoziziritsa khungu ndi zodziwika: kusamba madzi ozizira, mafuta odzola a menthol, zovala zathonje zotakasuka, kuwenga zikhadabo, ndi mapiritsi ogonetsa kuyabwa ngati dotolo walola. Amene chimbudzi chake chatuwa ndi kuchita mafuta angapatsidwe vitamini K, kuopa kuti angataye magazi ambiri pochira, monga anapiye aja a Dam.

Matenda ena a chiwindi

Kuyabwa kumapatsa banja tsiku limodzi lokonzekera ulendo. Pali zizindikiro zina zimene sizipatsa ngakhale ola limodzi. Mayi wa m'miyezi yomaliza amene akumva kupweteka pansi pa nthiti za kumanja kapena pachifu, mutu waukulu, kuona zobalalika, ndi kutupa nkhope, angakhale ndi kuthamanga kwa magazi kwa apakati kumene kwafika pachiwindi. Mtundu wake woopsa, umene Louis Weinstein anautcha HELLP m'chaka cha 1982, umaphwanya maselo ofiira ndi kulepheretsa magazi kuuma. Ambiri amauyesa chilungulira namwa soda. Palinso matenda osowa, amene Harold Sheehan anawalongosola m'chaka cha 1940, pamene mafuta amadzaza maselo a chiwindi: mayi amasanza, amamva ludzu losatha, amachita chikasu nayamba kusokonezeka mutu. Onse awiriwa amapha mayi ndi mwana yemwe akachedwa, ndipo onse awiri mankhwala ake ndi kuchiritsa mayi msanga kuchipatala.

Chikasu kwa mayi wapakati chingachokerenso ku malungo, ku miyala yotseka mpita wa ndulu, kapena ku tizilombo ta hepatitis. Hepatitis B amakhala mwa munthu zaka zambiri osaonetsa kanthu, ndipo mayi angampatsire mwana pobereka. Nchifukwa chake kuli bwino kuyezetsa kusikelo, ndi kuonetsetsa kuti mwana walandira katemera, amene ku Malawi anaikidwa pa katemera wa ana m'chaka cha 2002. Mowa, makamaka kachasu, ulibe muyeso wabwino kwa wapakati. Mtedza ndi chimanga zochita chuku zili ndi poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi pang'onopang'ono ndipo satha ndi kuphika. Mtedza wonyala ndi wowawa umene umatsala posankha wogulitsa suyenera kusinjidwa kukhala nsinjiro za mayi woyembekezera.

Mwana atabadwa

Nsengwa ikatuluka mahomoni amatsika, tizipata timayambanso ntchito, ndipo kuyabwa kumatha m'masiku owerengeka, kwa ena tsiku lomwelo. Mayi ayamwitse monga mwa nthawi zonse. Koma ayezetsenso magazi patapita masabata anayi kapena asanu ndi limodzi, pakuti akapezeka osabwerera m'malo ndiye kuti pali matenda ena a chiwindi amene pakati panangowaulula. Matendawa amabwerera kawirikawiri pa pakati potsatira, ndipo mankhwala okhala ndi oestrogen angathe kuutsa kuyabwa komweko ngakhale mayi asali woyembekezera. Chifukwa chake alembedwe m'buku lake la kuchipatala, ndipo mayiyo awatchule kwa dotolo aliyense womlembera mankhwala, ndi kwa anamwino pa tsiku loyamba la sikelo akadzaimanso. Auzenso abale ake aakazi, ndi ana ake aakazi akadzakula.